Dzina la Tsamba ndi Malo Ake pa Mzere

Amene anafikapo pa chipata cha Mchinji m'mawa, malole atandandalika m'mbali mwa msewu wa M12 kudikira kuwoloka kupita ku Chipata, amadziwa kanthu kena kosachita kuphunzitsidwa. Lole imene ili yachitatu pa mzere nthawi ya kadzutsa ikhoza kukhala yoyamba dzuwa likafika paliwombo, kapena kubwerera m'mbuyo mapepala ake akavuta. Malo ake pa mzere amasinthasintha, koma nambala imene ili pa bampala ndi yomweyo tsiku lonse. N'chifukwa chake ejenti sapita kwa ofesala wa MRA kukanena kuti wabwera pa nkhani ya lole yachitatu ija. Amatchula nambala ya galimoto ndi nambala ya chikalata chimene chinalowa mu ASYCUDA World, ndipo onse awiri amadziwa kuti akukamba za katundu mmodzi.

Nzeru yomweyi ndi imene imasowa kawirikawiri pa mapulani a nyumba, makamaka pulani ikabwezedwa kuti mwini wake akakonze n'kubweranso nayo. Ambiri amaiona ngati nkhani ya m'maofesi chabe, koma mathero ake amakaonekera pa khoma lomangidwa pamalo polakwika.

Chiyambire Disembala 2022, pamene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsekulira limodzi chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinamangidwa ndi thandizo la African Development Bank monga mbali ya njira ya Nacala, malo oyandikira malire akukoka anthu ofuna kumanga. Wina akufuna shedi yosungiramo soya ndi mtedza, wina nyumba yogona madalaivala, wina kamzere ka mashopu. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1988, limafuna kuti womanga ayambe wapeza chilolezo, ndipo chilolezocho chimatsamira pa pulani. Pulani ikalowa ku khonsolo imadutsa m'manja mwa anthu angapo. Woona za kagawidwe ka malo amafuna kudziwa ngati nyumbayo sikulowa m'malo a msewu kapena a mnzake. Wa zomangamanga amaona maziko ndi denga. Wa zaumoyo amaona zimbudzi, mazenera ndi kumene madzi oipa akupita. Sizichitikachitika kuti onsewa aone pulani n'kusowa chonena.

Tiyerekeze shedi ya soya kufupi ndi malire, pulani yake ya masamba 12. Tsamba loyamba ndi chikuto ndi mndandanda wa masamba onse, lachiwiri likuonetsa puloti ndi pamene nyumba yakhala, kenako pansi pa nyumba, maonekedwe a mbali zonse, denga, maziko, mapaipi, magetsi. Ounika abweza ndi ndemanga ziwiri: nyumba isunthidwe italikirane ndi msewu, ndipo septic tank ijambulidwe payokha mwatsatanetsatane. Wojambula wakonza tsamba lachiwiri, wajambulanso tsamba latsopano la septic tank. Tsopano atumize chiyani? Masamba awiri okhawo, kapena mtolo wonse wa masamba 13? Ndipo tsamba latsopanoli alipatse nambala yanji?

M'masiku a mapepala okhaokha, funsoli linkayankhidwa ndi manja a munthu. Kalaliki ankamasula mtolo, kuchotsa tsamba lakale, kulowetsa latsopano, n'kudinda. Ngati anali wosamala ankalemba mzere pa lakale n'kulisunga kumbuyo kwa fayilo. Njira imeneyi inkayenda chifukwa munthu amawerenga. Amaona kuti ili ndi tsamba la denga ngakhale litaikidwa chadodolido. Kufooka kwake kunali koti zonse zinkadalira kukumbukira kwa munthu mmodzi, ndipo akasamutsidwa, wolowa m'malo ankapeza masamba awiri a denga osadziwa kuti womaliza ndi uti.

Maiko ambiri anasamutsira ntchitoyi pa kompyuta. Singapore inayamba kale ndi njira yake ya CORENET m'zaka za m'ma 1990. Nairobi inatsegula njira yoperekera mapulani pa intaneti mu 2011, Kigali n'kutsatira mu 2013. Ku America makhonsolo ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga ProjectDox ndi Bluebeam Revu, mmene wounika amatsekula tsamba pa sikirini, kuyeza kutalika kwa khoma, ndi kumata ndemanga yake pamalo penipeni pamene pali vuto. Kuno kwathu, kaya ofesi ikulandira mapepala kaya mafayilo, theka la ulendo wa pulani lili kale pa foni. Wojambula ali ku Lilongwe, mwini nyumba ali ku Kamwendo, injiniya ali kwina, ndipo PDF ikuyenda pakati pawo pa WhatsApp. Choncho mavuto amene anzathu anakumana nawo m'mapulogalamu awo atifika kale. Walira mvula walira matope.

Gwero la vuto ndi loti tsamba lililonse mu PDF limakhala ndi manambala awiri, ndipo anthu amawasokoneza. Yoyamba ndi imene kompyuta imawerenga yokha: loyamba, lachiwiri, lachitatu, monga malole pa mzere. Yachiwiri ndi imene wojambula amalemba m'kabokosi ka pakona ya m'munsi kudzanja lamanja, kamene amisiri amakatcha title block, mmene mumakhalanso dzina la ntchito, sikelo ndi deti. Yoyambayo ndi malo, yachiwiriyo ndi dzina. Pa kutumiza koyamba awiriwa amagwirizana, ndipo palibe amene amaona kusiyana kwawo. Amasiyana tsiku limene tsamba lina lawonjezeredwa kapena kuchotsedwa.

Tibwerere ku shedi yathu. Tinene kuti wa zomangamanga anamatanso ndemanga yachitatu pa tsamba la 8, la maziko, yoti zitsulo za m'mapilala ziwonjezeredwe. Wojambula walowetsa tsamba la septic tank pakati, pambuyo pa tsamba la 5, n'kusintha manambala onse otsatira kuti aziyenda bwino. Maziko tsopano ali pa 9, ndipo pa 8 pabwera denga. Pulogalamu imene imalumikiza masamba potsata malo idzatenga tsamba la 8 latsopano n'kuliika pamwamba pa la 8 lakale, ngati kuti denga ndilo kukonzedwa kwa maziko. Ndemanga ya zitsulo idzaoneka itamatidwa pa malata. Wounika wotopa, amene ali ndi mafayilo ena khumi omudikira, akhoza kuitseka poganiza kuti inalowa molakwika. Zitsulo zija sizidzawonjezeredwa, ndipo palibe amene adzadziwe kufikira khoma litayamba kung'aluka. Ngati wojambula watumiza masamba awiri okha m'fayilo imodzi, chisokonezo n'chokulirapo, chifukwa kwa kompyuta amenewo ndi tsamba loyamba ndi lachiwiri, ndipo akhoza kukalowa m'malo mwa chikuto.

Opanga mapulogalamu anayesa njira zingapo zoti makina azizindikira dzina la tsamba. Ina ndi yoti tsamba lililonse likhale fayilo payokha, dzina la fayilo likhale dzina la tsamba. Mu ProjectDox, ukakonza tsamba umalitumiza ndi dzina lomwelo la poyamba, ndipo pulogalamu imaliika pamwamba pa lakale monga mtundu wake wachiwiri, lakale osatayika. Koma ukangosintha chilembo chimodzi pa dzinalo, makina amaona ngati tsamba lachilendo, ndipo m'fayilo mumakhala masamba awiri a maziko, onse amoyo. Njira ina ndi kugwiritsa ntchito zizindikiro zimene PDF imatha kusunga mkati mwake, zotchedwa page labels ndi bookmarks, zimene zimapatsa tsamba dzina losadalira malo ake. Vuto n'loti zizindikirozi zimatha kufufutika munthu akaphatikiza mafayilo ndi timapulogalamu taulere ta pa intaneti. Njira yachitatu ndi yoti makina awerenge okha zimene zalembedwa mu title block. Imagwira bwino pa tsamba lotuluka mwachindunji mu AutoCAD kapena ArchiCAD, koma pa tsamba lochita kusikana, lopindika, lokhala ndi chidindo pamwamba pa nambala, makina amawerenga 8 pamene pali B, kapena 0 pamene pali O. N'chifukwa chake pulogalamu yabwino imaonetsa wotumiza mmene yalumikizira masamba n'kumufunsa kuti atsimikize asanamalize kutumiza.

Njira zonsezi zimagwa ngati wojambula mwini wake sapatsa masamba maina okhazikika. Apa ndi pamene ndikuona kuti pagona nkhani yonse, ndipo sipafunika ndalama. Amisiri a maiko ambiri amatcha masamba ndi chilembo ndi nambala. Chilembo chimanena mtundu wa ntchito: A ndi za kamangidwe ndi maonekedwe, S ndi za injiniya wa zitsulo ndi maziko, E za magetsi, P za mapaipi. Nambala imanena gulu. Mu dongosolo la ku America la National CAD Standard, masamba oyamba ndi 1 amaonetsa nyumba ukaiyang'ana kuchokera pamwamba, oyamba ndi 2 amaonetsa mbali zake, oyamba ndi 3 amaonetsa nyumba ngati yadulidwa pakati, oyamba ndi 5 ndi a tizinthu tojambulidwa mwatsatanetsatane. Ubwino wake ndi woti pamakhala mipata. Septic tank yathu ikhoza kukhala P-501, n'kulowa mu mtolo popanda kukankha mnzake aliyense. Maziko amene anali S-101 adzakhalabe S-101 mpaka nyumba itatha. Ngakhale amene anazolowera 01, 02, 03 ali nayo njira: tsamba latsopano lipite kumapeto likhale 13, kapena likhale 05A ngati n'kofunika kuti liyandikane ndi mnzake.

Kuchotsa tsamba kumafuna chisamaliro chimodzimodzi. Mwini shedi akasintha maganizo n'kusiya kaofesi kam'mwamba, tsamba lake lisangosowa mwakachetechete. Likhalebe pa mndandanda, palembedwe kuti lachotsedwa ndi deti lake, ndipo nambala yake isapatsidwenso tsamba lina. Wounika akaona mpata wopanda chifukwa sadziwa ngati tsambalo lachotsedwa dala kapena lasochera netiweki itaduka. Palinso kachizolowezi kolemba pakona kuti “tsamba 3 mwa 12”. Kamaoneka kothandiza, koma tsamba limodzi likangowonjezeka, masamba onse 12 amakhala akunena bodza, ndipo wojambula amakakamizika kusintha onse chifukwa cha kanambala kamodzi. Kuwerengera kumeneko malo ake ndi pa mndandanda wa pachikuto basi.

Dzina likakhazikika, chotsala n'kusonyeza msinkhu wa tsamba, ndiye kuti lakonzedwa kangati. Imeneyi ndi ntchito ya revision. Tsamba limatuluka koyamba, likakonzedwa limakhala A, kenako B, dzina lake osasintha. Amene amatsatira dongosolo la ku Britain logwirizana ndi ISO 19650 amalemba P01, P02 pa masamba amene akadali m'kukambirana, ndi C01 pa amene avomerezedwa kumangira. Pamalo pamene pasintha amazunguliza mzere wopindikapindika wonga mtambo, pambali pake kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi chilembo cha revision, ndipo mu title block amalemba deti ndi mawu ochepa onena chimene chasintha. Mtambo umenewu ndi ulemu kwa wounika, chifukwa umamuuza poyang'ana. Chimene chimandidetsa nkhawa ndikaona mafoni a anthu omanga ndi maina a mafayilo monga “shedi final”, “shedi final 2”, “shedi yeniyeni”. Pakapita miyezi itatu ngakhale mwini wake sakumbukira kuti yeniyeni ndi iti.

Phindu lalikulu la kuunika pa kompyuta ndi kutha kusanjikiza tsamba latsopano pa lakale. Pulogalamu imapaka lakale mtundu wina, latsopano mtundu wina, ndipo mizere imene sinasinthe imagwirizana, imene yasintha n'kuonekera poyera. M'kanthawi kochepa wounika amaona khomo limene lasunthidwa ngakhale wojambula sanalizungulize. Koma izi zimayenda bwino ngati masamba awiriwo ali ofanana kukula, sikelo ndi kakhalidwe. Wojambula akatumiza loyamba pa A1 n'kutumiza lachiwiri pa A3, kapena akasuntha chojambula chonse pang'ono kuti papezeke malo a mawu, tsamba lonse likhoza kuoneka ngati lasintha ndipo chida chija chimavuta kugwiritsa ntchito. Chithunzi chojambula pa foni ndiye n'chosathandiza konse. Chimapendekeka, ndipo WhatsApp imachichepetsa mpaka manambala a miyezo osawerengeka. Pulani izitumizidwa ngati document, ili PDF yochokera m'kompyuta ya wojambula.

Tsono funso lija: onse kapena okonzedwa okha? Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka. Amene amati mtolo wonse ubwerenso amanena kuti nyumba ndi thupi limodzi. Ukasuntha khomo pa tsamba la pansi, lasunthanso pa tsamba la maonekedwe a kutsogolo, lintala yake yasuntha pa tsamba la injiniya, switchi ya magetsi nayo iyenera kutsatira. Wojambula akatumiza tsamba limodzi, ena atatu amatsala akutsutsana nalo, ndipo khonsolo imadinda nyumba imene singamangike monga yajambulidwira. Akunena zoona, ndipo ndi chifukwa chake makhonsolo ambiri kunja salandira zidutswa.

Koma kutumiza zonse kuli ndi zovuta zake, ndipo kwa ife n'zolemera. Fayilo ya masamba ambiri imadya bandulo, imaduka pakati netiweki ikafooka kapena magetsi akathima, ndipo munthu amayambiranso. Kwa amene akupereka mapepala, makina osindikiza A1 sapezeka pa shopu iliyonse ya fotokope, ndipo kusindikiza masamba 13 makope angapo chifukwa cha mizere iwiri ndi ndalama ya matumba a simenti. Chachikulu kuposa izi n'choti mtolo wonse ukabwera, wounika satha kudziwa ngati masamba amene anawavomereza kale akadali mmene anawasiyira. Munthu wosakhulupirika akhoza kuchepetsa zitsulo pa tsamba limene linadutsa kale, podziwa kuti maso onse ali pa septic tank. Popanda chida chosanjikiza chija, wounika ayenera kuwerenganso zonse, ndipo mwini nyumba amadikira, mvula ikuyandikira, soya alibe pomuika.

Ine ndikuona kuti kutumiza masamba okonzedwa okha kuyenera kuloledwa, makamaka m'maboma ngati Mchinji, koma kusayende kokha. Tsamba la mndandanda liziperekezedwa nthawi zonse, litakonzedwanso, likuonetsa tsamba lililonse la mtolo, revision yake yapano ndi deti, kuphatikizapo amene sanasinthe, atsopano ndi ochotsedwa. Tsamba limeneli ndi limene limasandutsa zidutswa kukhala mtolo. Aliyense akaligwira akhoza kuyala masamba ake pa tebulo n'kuona ngati ali ndi oyenera. Pakhalenso kalata yaifupi yoyankha ndemanga iliyonse potchula dzina la tsamba: ndemanga ya zitsulo yayankhidwa pa S-101 revision B. Ndipo wojambula asayine kuti waunika masamba otsalawo n'kupeza kuti kusinthaku sikukuwakhudza. Siginecha imeneyo imaika udindo pamene uyenera kukhala, chifukwa amene amaidziwa nyumba yonse ndi iye. Kusintha kukakhala kwakukulu, monga kuwonjezera nsanjika kapena kutembenuza nyumba pa puloti, pamenepo mtolo wonse ubwerenso.

Pamapeto pa kuunika, chilolezo chisanatuluke, zidutswa zonse zisonkhanitsidwe kukhala mtolo umodzi, ndipo chidindo chigwe pa tsamba lililonse ndi deti limodzi ndi nambala ya chilolezo. Masamba akale asatayidwe, chifukwa tsiku lina pakadzabuka mkangano adzafunika, koma alembedwe moonekeratu kuti anapitidwa. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linatsekula kale khomo loti zikalata ndi masiginecha a pa kompyuta azivomerezeka, choncho chidindo cha pa PDF si chinthu chachilendo ku malamulo athu.

Ndikulimbikira pa mtolo umodzi chifukwa cha munthu amene sakhala nawo pa zokambirana zonsezi, ndiye mmisiri wa pa saiti. Iye amamanga chimene chili m'manja mwake. Ndinaonapo kapitawo ali ndi tsamba la pansi lopindidwa m'thumba, lakuda ndi simenti, akulitsatira mokhulupirika, pamene mwini nyumba ali ndi lina latsopano m'foni. Onse awiri anali ndi pulani, onse awiri anali otsimikiza, ndipo maziko anali atakumbidwa kale potsata lakale. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Tsiku limene tsamba latsopano lafika pa saiti, lakale lichoke m'manja mwa amisiri tsiku lomwelo, ndipo kapitawo azolowere kuyang'ana pakona asanayambe ntchito, kuona ngati chilembo cha revision chikugwirizana ndi cha pa mndandanda. Pali kamsampha kena pomwepo. Tsamba la A1, la mamilimita 594 ndi 841, likasindikizidwa pa A3 limachepa ndi theka, ndipo sikelo ya 1:100 imasanduka 1:200 ngakhale pakona palembedwabe 1:100. Mmisiri woyeza ndi rula pa pepala lotere adzapeza chipinda cha theka. Azitsata manambala olembedwa pa mizere, ndipo pamene palibe nambala afunse.

Makhonsolo athu akamaganiza zogula pulogalamu younikira mapulani, ogulitsa adzabwera ndi zoonetsa zokongola, ndipo zonse zidzayenda bwino chifukwa adzaonetsa kutumiza koyamba. Ndikanakonda kuti m'chipindamo mukhale wounika mmodzi amene wagwira mafayilo zaka zambiri, atabwera ndi mtolo wake wa masamba 12 pa flash. Autumize, amate ndemanga pa tsamba la maziko, kenako atumizenso masamba atatu okha: limodzi lokonzedwa, limodzi latsopano lolowa pakati, ndi mndandanda wosonyeza kuti tsamba lina lachotsedwa. Pakati pa kutumizako azimitse intaneti kwa mphindi ziwiri n'kuyatsanso. Akatero atsekule mtolowo pamaso pa onse, awerenge masamba amene alimo, ndipo aone pamene ndemanga ya zitsulo ija yakagwera.